Abwereko Wathunthu: Kupewa Ngozi pa Ntchito ya Kumunda ndi Kophera Nyama Kuno ku Ngabu

Pafupifupi pakhomo lililonse kuno ku Ngabu pali munthu amene amapeza ufa ndi mphamvu za thupi lake. Wina amalawira kusanache kukadula nzimbe ku Nchalo, wina amabereka mpope kukapopera thonje, wina amakusa ng'ombe kapena kuzikweza m'lole yopita ku Blantyre, wina amapha ndi kusenda mbuzi pamsika, winanso amaswera kudimba m'mbali mwa Shire. Ntchito zimenezi n'zimene zimatidyetsa, koma n'zomwezonso zimene zimatidula zala, kutithyola misana ndi kutiwonongera impso. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO limaika ulimi pakati pa ntchito zitatu zoopsa kwambiri, pamodzi ndi ya m'migodi ndi ya zomangamanga. Ife sitiona choncho poti tinabadwiramo. Munthu akadzitema ndi chikwanje timangoti ndi tsoka. Akagwa m'munda masana timati malungo. Akayamba kusanza atachoka kopopera, ena amayamba kuloza zala anansi.

Komatu ngozi zambiri za pantchito zili ndi gwero lodziwika: changu chofuna kumaliza ndime, ludzu, kutopa, chida chobuntha, kusowa kwa chovala chodzitetezera. Zambiri mwa izi zimakonzedwera kunyumba, n'chifukwa chake kabuku aka tikulembera banja lonse. Amene ali m'munda, maganizo ake ali pa ndime ndi pa kapitawo. Amene ali pakhomo ndiye amatunga madzi onyamula, amachapa zovala za kuntchito, amaona bala likayamba kutupa, amathamangira naye kuchipatala ndi kusunga mapepala. Werengani limodzi madzulo, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.

Dzuwa la kuno limapha

Tiyambe ndi dzuwa, poti ndi limene timalipeputsa kwambiri. Ngabu ndi amodzi mwa malo otentha koposa m'Malawi muno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nthawi yake ndi yomweyo imene anthu akusosa minda, odula nzimbe akulimbana ndi kumaliza sizoni. Munthu wogwira ntchito yakalavulagaga pa dzuwa lotere amataya madzi okwana lita imodzi kapena kuposa pa ola limodzi kudzera m'thukuta. Kabotolo kamodzi kopachika pa njinga sikangabweze madzi onsewo.

Muyezo wake ndi kapu imodzi ya madzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu, chifukwa ludzu likamamveka ndiye kuti thupi lauma kale. Choncho wopita kukagwira ntchito ya tsiku lonse anyamule chigubu cha malita 5, chake yekha. Amwe pang'onopang'ono, asagugudize chigubu chonse nthawi imodzi. Thukuta limatulutsanso mchere, motero asachoke pakhomo ndi mimba yopanda kanthu. Phala, chimbala, mbatata, thobwa, zonsezi zimathandiza. Tsiku lotentha kwambiri, paketi imodzi ya Thanzi yosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino ndi yothandizanso kwa akulu, si ya ana otsekula m'mimba okha.

Mkodzo ndiwo umanena zoona. Ukakhala wambiri ndi woyererako, thupi lili bwino. Ukakhala wochepa, woderapo ngati tiyi wopanda mkaka, kapena munthu akaswera tsiku lonse osakodza, impso zikuvutika. Amayi, musachite manyazi kuwafunsa bambo za mkodzo wawo. Bambo, musapse mtima akakufunsani.

Tikunena izi chifukwa kwina zinaoneka kale. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador, maiko otentha olima nzimbe, amuna ambiri odula nzimbe, ena akadali anyamata, amwalira ndi matenda a impso osachokera ku shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mudzi wina pafupi ndi tawuni ya Chichigalpa ku Nicaragua anthu anafika poutcha chilumba cha akazi amasiye. Ofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zoyambitsa zazikulu ndi kugwira ntchito yolemetsa pa dzuwa tsiku ndi tsiku thupi lili louma. Pa esiteti ya Ingenio San Antonio atakhazikitsa zinthu zitatu, madzi okwanira, kupuma pa nthawi yoikika ndi mthunzi wopumirapo, kuvulala kwa impso pakati pa odula nzimbe kunachepa. Palibe chodula pa zitatuzi. Kumunda kwanu, mitengo inayi ndi thumba kapena udzu pamwamba ndi mthunzi wokwanira. Yambani ntchito m'mamawa kwambiri, dzuwa likafika pamutu mulekeze, mubwererenso lapendeka. Matenda a impso akakula amafuna makina osefera magazi, ndipo makinawo ali kutali, ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaonjezera vutoli. Choyamba ndi mapiritsi opha ululu a mtundu wa Brufen, Indocid ndi Diclofenac, amene ambiri amagula pagolosale n'kumamwa m'mawa uliwonse kuti thupi lisamve kuphwanya. Mapiritsi amenewa akakumana ndi thupi louma amavulaza impso, ndipo amakulitsa zilonda za m'mimba. Chachiwiri ndi kachasu wa madzulo. Woledzera dzulo amafika kumunda ali wouma kale, ndiponso dzanja lake logwira chikwanje silikhala lolunjika. Kumbukiraninso alendo. Mnyamata wochokera ku Thyolo kapena ku Mulanje amene wabwera kudzafuna ganyu amafunika sabata imodzi kapena ziwiri kuti thupi lake lizolowere, choncho asapikisane ndi eni dera masiku oyambawo.

Munthu akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kukokana kwa minofu ya m'miyendo, alekeretu ntchito, akhale pamthunzi, amwe madzi. Koma akayamba kubwebweta, kuyenda mwadzandidzandi, kukomoka, thupi lili moto, imeneyo ndi ngozi ya imfa. Musamuyese woledzera, musadikire kuti mukayezetse malungo mawa. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni zovala, mukhuthulireni madzi thupi lonse ndi kumukupiza, ndipo pitirizani kumunyowetsa muli panjira yopita kuchipatala. Wokomoka osamumwetsa kanthu, angatsamwe.

Mankhwala a kumunda

Thonje ndi mbewu ya kuno, ndipo sililimidwa popanda kupopera. Chifikireni mbozi zachilendo zowononga chimanga ndi mapira m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, mankhwala achuluka m'makomo kuposa kale. Mankhwala monga dimethoate ndi cypermethrin anapangidwa kuti aphe zamoyo, ndipo thupi la munthu salipatula. Ambiri amaganiza kuti mankhwala amapweteka ukawamwa basi. Zoona zake n'zakuti wopopera amalowedwa kwambiri kudzera pakhungu, makamaka khungu la thukuta, ndipo malo amene amayamwa msanga ndi kumutu, kumaso ndi kumaliseche. Mpope wodontha kumsana umamwetsa munthu mankhwala tsiku lonse iye osadziwa.

Nthawi yoopsa koposa ndi yosakaniza, pamene mankhwala akadali okandapala. Osatakasa ndi dzanja, osayeza ndi sipuni ya kukhitchini, osanunkhiza kuti muone ngati ali enieni. Kabowo kotulukira mankhwala kakatsekeka, musapemerere ndi pakamwa, katsukeni ndi madzi n'kukachokosola ndi kaudzu. Muyezo wake ndi umene walembedwa pabotolo kapena umene alangizi anena. Kuonjezerapo poti "mbozi zake n'zouma mutu" kumangopweteka mwini ndi kutha ndalama.

Wopopera avale malaya a manja aatali, thalauza lalitali lophimba magambutsi, magolovesi a labala, chipewa ndi chophimba pakamwa ndi mphuno. Magolovesi a nsalu amasunga mankhwala pakhungu, choncho ndi oipa kuposa kusavala. Kansalu ka kumphuno kakanyowa ndi mankhwala kachotsedwe. Tikudziwa kuti zovala zoterezi n'zotentha kuno. Yankho lake ndi kupopera m'mawa kapena madzulo, osati kuvula. Kukakhala mphepo yamphamvu lekani, ndipo nthawi zonse yendani moti mphepo izichotsa mankhwala kwa inu. Musadye, kumwa, kusuta kapena kukodza musanasambe m'manja ndi sopo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mwana, ndi munthu wodwala asapopere, asasakanize, ndipo asalowe m'munda umene wangopoperedwa kumene.

Apa ndi pamene a pakhomo ali ndi mbali yaikulu. Wochoka kopopera asambe thupi lonse ndi sopo asananyamule mwana. Zovala zake zichapidwe tsiku lomwelo, pazokha, m'beseni lake, osati pamjigo kapena mumtsinje, ndipo wochapayo avale magolovesi kapena majumbo m'manja. Botolo likatha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe mumpope, kenaka libooledwe kuti wina asasungiremo mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Ndiwo zomera m'munda wa thonje, monga chitambe, nkhwani ndi therere, nazonso zimalandira mankhwala. Pabotolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole. Funsani alangizi akuwerengereni.

Gulani mankhwala okhala m'botolo lake lenileni, lotseka, lokhala ndi chizindikiro, kwa wogulitsa wa chilolezo. Bungwe la Pesticides Control Board, lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe, ndi limene limavomereza mankhwala ndi kupereka zilolezo motsatira lamulo la 2000. Mankhwala opungulidwa m'mabotolo a zakumwa ndi m'timapepala ta pamsika, monga amene timawatcha tameki, sadziwika mphamvu yake, ndipo ngozi ikachitika adokotala amasowa poyambira. Mapiritsi otulutsa mpweya wophera anankafumbwe asalowe m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umadutsa m'matumba ndi m'zipinda, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Sungani mankhwala onse, ngakhale a dibi ya ng'ombe, m'bokosi lokiya, kunja kwa nyumba yogona, kutali ndi chakudya. Loko ameneyu sateteza ana okha. Anthu ambiri amene amamwa mankhwala amatero mtima utawawa, pa mphindi zochepa za mkangano kapena ngongole ikawapanikiza. Botolo likakhala patali, mkwiyo umaphwa munthu akadali moyo. Mukaona wina pakhomo wataya mtima, kiyi asunge munthu wina, ndipo mukhale naye pafupi mpaka apeze thandizo.

Zizindikiro za kulowedwa mankhwala ndi izi: mutu, chizungulire, thukuta lambiri, malovu ndi misozi zosaleka, kusanza, kutsekula m'mimba, kuona mwachimbuuzi, kamwana ka diso kuchepa kwambiri, minofu kunjenjemera, kubanika, kukomoka. Munthu wotere muchotseni m'mundamo, muvuleni zovala zonse, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, inuyo mutavala majumbo m'manja. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Musamusanzitse. Musamumwetse mkaka, mafuta, mazira, phulusa kapena madzi a mchere. Mkaka susukulutsa mankhwala, ndipo amene amati "ndikamwa mkaka ndikamaliza" akudzinamiza. Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, nyamulani botolo la mankhwalawo m'jumbo, ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Pa mankhwala a gulu la dimethoate kuchipatala kuli jakisoni wa atropine amene amapulumutsa moyo munthu akafika msanga.

Ng'ombe, mpeni ndi malo ophera nyama

Chigwa chathu n'chodziwika ndi ng'ombe, ndipo zambiri zimene zimadyedwa mu Blantyre zimachokera kuno. Koma pa ntchito yonse, kuyambira kukhola mpaka pambedza ya m'butchala, wogwira ntchito amakhala pakati pa nyanga ndi mpeni.

Ng'ombe yoopsedwa ndiyo imavulaza. Kukuwa, kumenya, agalu ndi kupotokola mchira zimaipengetsa. Iyendetseni modekha, muziyandikira cha paphewa pomwe ikukuonani, ndipo kumbukirani kuti imaponya mwendo chammbali, osati kumbuyo kokha. Musaime pakati pa ng'ombe ndi khoma, mtengo kapena chitseko cha lole. Chingwe musachikulunge kudzanja kapena m'chiuno. Ng'ombe ikadzambatuka chimadula zala kapena kumukhwekhwereza munthu. Nkhunzi ndi ng'ombe ya mwana wamng'ono si zosiyira mwana woweta yekha. Pogwetsa ng'ombe yoti iphedwe pakhale anthu okwanira, mmodzi yekha wolamula, chingwe cholimba, ndipo mpeni usatuluke miyendo ndi mutu zisanamangidwe. Ngakhale itazingidwa, miyendo imaphiriphithabe, choncho dikirani.

Mpeni wobuntha ndi woopsa kuposa wakuthwa, chifukwa umafuna mphamvu, ndipo ukaterereka umapita ndi mphamvu yonseyo. Nolani mipeni musanayambe. Chigwiriro chikhale cholimba, chouma, chopanda mafuta. Podula, mpeni uziyenda kuchoka kwa inu. Bala loopsa kwambiri pa ntchito imeneyi ndi la mkati mwa ntchafu, pamene munthu akukokera mpeni kwa iye yekha pochotsa nyama ku fupa. Pamenepo pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo ukadulidwa munthu angathe kufa pa mphindi zochepa. Epuloni yokhuthala yofika m'maondo imateteza. Mpeni ukamagwa usiyeni ugwe. Osauika m'thumba la thalauza, osausiya m'beseni la madzi a magazi kapena pansi pa chikopa. Awiri asasende mbali imodzi. Pogwaza mafupa ndi nkhwangwa kapena chikwanje, ena ataliketalike, pakuti tizidutswa ta mafupa timathothokera m'maso. Simenti ya magazi, mafuta ndi ndowe ndi yoterera: tsukani pafupipafupi, ndipo valani magambutsi, osati masilipasi.

Ngozi ina ya ntchito imeneyi siituluka magazi. Ndi matenda ochokera ku nyama. Ng'ombe, mbuzi kapena mvuu ikafa mwadzidzidzi, itatupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaitumbule, musaisende, musagawane. Akhoza kukhala matenda a anthrax, amene anapha mvuu zambiri ku Liwonde kumapeto kwa 2018, mu Shire yemweyu. Tizilombo take timakhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo timalowa mwa munthu kudzera pa kabala kakang'ono, pakudya nyamayo kapena pakugwira chikopa. Pakhungu pamabuka chilonda chosawawa kwenikweni, chakuda pakati, chotupa m'mbali. Chimachizika munthu akafulumira kuchipatala. Tikudziwa kuti kukwirira ng'ombe yathunthu n'kowawa pakhomo posowa, koma itanani alangizi a ziweto, ndiwo anene chochita. Ofesi yaikulu ya zaulimi ya chigwa chonse, Shire Valley ADD, ili pa Ngabu pompano.

Ng'ombe kapena mbuzi ikataya bere, musagwire mwana wakufayo kapena zotuluka pambuyo ndi manja chabe. Valani majumbo, kwirirani mozama kuti agalu asafukule. Matenda otayitsa bere amagwiranso anthu, ndipo amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo. Munthu amangomwa mankhwala a malungo osachira. Mukadwala chotere auzeni adokotala ntchito imene mumagwira. Mkaka uwiritsidwe nthawi zonse, pakuti umafalitsa matenda amenewa ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Nyama yogulitsa iyambe yayezedwa ndi kudindidwa. Woyezayo amateteza wopha yemwe, osati ogula okha. Wokhala ndi bala m'manja alimange bwino ndi kuvala golovesi asanagwire nyama.

Magazi akatuluka

Chikwanje, chisikilo, khasu, mpeni, zonse thandizo lake ndi limodzi. Tengani nsalu yoyera, dinikizani pabala mwamphamvu, ndipo gwirani osasiya kwa mphindi 10, osasuzumira. Magazi akabooleza, sanjikizani nsalu ina pamwamba, osachotsa yoyambayo. Mugonekeni munthuyo ndi kukweza dzanja kapena mwendo wovulalawo. Ngati magazi akutumphuka pa mkono kapena mwendo ndipo kudinikiza kwalephera, mangani nsalu yotambalala pamwamba pa bala, mupotokole ndi kamtengo mpaka magazi aleke, kumbukirani nthawi imene mwamanga, musamasule, ndipo thamangirani kuchipatala. Chinthu chikalowa m'thupi n'kutsalira, monga mpeni kapena chitsa, musachizule. Chirikizani ndi nsalu m'mbali. Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera, chiikeni m'jumbo, mupite nacho. Wogundidwa ndi ng'ombe pamimba kapena pachifuwa akaonedwe kuchipatala ngakhale kunja kulibe bala, chifukwa magazi amatha kutayikira m'kati.

Bala laling'ono litsukidwe ndi madzi oyera ambiri ndi sopo. Musathirepo dothi, ndowe, fodya, phulusa, oyilo wa galimoto kapena za m'batire. Bala lakuya likasokedwe tsiku lomwelo, mkati mwa maola ochepa. Likayamba kutentha, kutupa, kutuluka mafinya kapena kununkha, musadikire tsiku la msika.

Kafumbata amakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo amalowera ngakhale pa bala la minga. Amayi ambiri amalandira katemera wake kusikelo akakhala oyembekezera, koma abambo ambiri sanabayidwenso chichokereni ku ubwana, chonsecho ndiwo amaswera m'khola ndi kophera nyama. Mukavulala, funsani za katemera wa kafumbata. Galu akaluma, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15 ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Njoka, madzi, ngolo ndi chigayo

Mphiri sithawa, imangogona pansi pa zinyalala za nzimbe, milu ya mapesi ndi udzu. Vundukulani milu ndi ndodo, valani magambutsi, yendani ndi tochi usiku, makamaka madzi akasefukira pamene njoka zimathawira kumtunda komwe kuli anthu. Wolumidwa akhale phee. Muvuleni mphete ndi zothina, mangirirani mwendowo ku kathabwa kuti usagwedezeke, ndipo munyamuleni, asayende. Apa musamange chingwe chothina, musateme mphini, musayamwe, musataye nthawi kusaka njokayo kapena kuyamba mwapita kwina. Njoka ikalavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Chimodzimodzi tsamba la nzimbe likacheka diso: madzi oyera okha, osatikita, osadonthezera mkaka wa m'mawere kapena zitsamba, kenaka kuchipatala.

Olima kumadimba a ku Shire ndi ku Elephant Marsh amadziwa ng'ona ndi mvuu. Ng'ona imaphunzira malo ndi nthawi imene munthu amatungira, choncho sinthasinthani, tungani ndi ndowa ya chingwe muli patali ndi madzi, ndipo musapite nokha mbandakucha kapena chisisira. Musadutse pakati pa mvuu ndi madzi. Othirira m'ngalande akaona magazi mu mkodzo akayezetse likodzo. Mankhwala ake alipo.

Ngolo yoyenda usiku pa msewu wa M1 ikhale ndi zonyezimira kumbuyo, ndipo asayendetse mwana. Musakwere pamwamba pa nzimbe, mabelo a thonje kapena pa chitsulo chokokera thirela. Wogwa kuchokera pamwamba amene akumva khosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, anyamulidwe pa chitseko kapena thabwa, mutu utagwiridwa molunjika. Thumba la makilogalamu 50 nyamulani awiri, mopinda maondo. Pachigayo, lamba akhale wotchingidwa, chitenje ndi mpango zimangidwe bwino, ndipo chokonza chilichonse chidikire injini izime.

Lamulo ndi mapepala

Malamulo oteteza wantchito alipo. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito ndi otetezeka, ndi kupereka zovala zodzitetezera, madzi akumwa ndi zipangizo za thandizo loyamba. Lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Mu 2019 dziko la Malawi linavomerezanso pangano la ILO lokhudza chitetezo ndi umoyo pa ntchito za ulimi. Wantchito nayenso ali ndi mbali yake: kuvala zimene wapatsidwa. Magambutsi ndi ovolosi za kuntchito si zogulitsa pamsika kapena zosungira ulendo. A pakhomo, mukaona zatsala m'nyumba mwini wake atapita, funsani.

Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limanena kuti wovulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito ayenera kulipiriridwa chithandizo cha kuchipatala ndi kulandira chipukuta misozi molingana ndi kukula kwa kulumala, ndipo akamwalira, amene amadalira iye ndiwo amalandira. Koma nkhani zambiri zimafera m'njira chifukwa chosowa umboni. Choncho chitani izi. Uzani kapitawo kapena abwana tsiku lomwelo, ngakhale bala likuoneka laling'ono, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa. Lembani m'kope lanu tsiku, nthawi, malo, ntchito imene amagwira ndi maina a amene anaona. Kuchipatala, kaya ndi cha Ngabu, cha St Montfort ku Nchalo kapena cha boma ku Chikwawa, nenani momveka kuti wavulala ali pantchito, ndipo pemphani kuti zilembedwe choncho m'buku lake la kuchipatala. Sungani bukulo, malisiti, mapepala a malipiro ndi chiphaso cha kuntchito m'jumbo losalowa madzi, pamalo okwera. Amene anaona madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 akudziwa mmene mapepala amatayikira. Jambulaninso mapepalawo pa foni. Kenaka pitani ku ofesi ya zantchito ya boma lanu musanachedwe, pakuti madandaulo oterewa ali ndi malire a nthawi. Ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ali ndi bungwe lawo la SPAWUM, ndipo osowa ndalama ya loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Aganyu ndiwo ali pamavuto aakulu, poti ambiri alibe pepala lililonse. Musadziweruze nokha kuti lamulo silikukukhudzani. Kafunseni ku ofesi ya zantchito, makamaka ngati mwakhala mukugwira kwa munthu mmodzimodzi nthawi yaitali. Ndipo musanayambe ganyu yopopera, yopha nyama kapena yokweza ng'ombe, panganani pamaso pa mboni: magolovesi ndi sopo apereka ndani, ndipo ngozi ikagwa, thiransipoti ndi chipatala alipira ndani. Inu olemba aganyu, ngakhale muli alimi ang'onoang'ono, funso lomwelo likukhudzani. Amene ali m'magulu a banki m'khonde akambirane kuti thumba la zadzidzidzi lizithandizanso wovulala, ndipo pakhomo paliponse pakhale nambala ya wakabaza wa njinga yamoto amene angadzuke usiku.

Wovulala akadali pabedi, nthawi zina pamabwera pepala loti asainire kapena kudinda chala, pamodzi ndi kandalama ka m'manja. Musadinde pepala limene simunawerenge. Pemphani kope lake, lipititseni kwa munthu wodziwa kuwerenga amene mumamukhulupirira kapena ku ofesi ya zantchito, ndipo dikirani mpaka adokotala atalemba kukula kwa kulumala kwake.